Tisinthe momwe timaphunzitsira anthu kudzutsa mtima woima

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za maphunziro othandiza munthu amene mtima wake waima mwadzidzidzi. Maphunzirowa alipo ndithu, koma ambiri amangotulutsa anthu a masatifiketi, amene tsiku la ngozi amaima kakasi ngati wina aliyense.

Okonda mpira akukumbukira za pa 12 June 2021, pamene Christian Eriksen anagwa yekha m'bwalo ku Copenhagen, Denmark ikusewera ndi Finland. Madokotala anathamangira pomwepo, namudinikiza pachifuwa, namuika makina a defibrillator (opereka shoko yamagetsi ku mtima), mtima n'kuyambiranso kugunda. Chaka chisanathe anali atabwerera m'bwalo. Komatu iyeyu anagwera pamaso pa akatswiri. Anthu ambiri mtima umawaimira kunyumba, pamaso pa mkazi, mwamuna kapena mwana. Magazi akasiya kuyenda, ubongo umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi 4 mpaka 6, ndipo ambulansi, ngakhale m'mayiko olemera, kawirikawiri imafika nthawiyi itadutsa kale. Ndiye dokotala wa mphindi zoyambazo ndi aliyense amene ali pafupi, afune asafune.

Pamene maphunziro athu amaphonya kwambiri ndi pa chiyambi penipeni. Amathamangira kuonetsa poika manja, osayamba aonetsa munthu momwe mtima woima umaonekera. Ambiri timaganiza kuti wodwalayo amagona zii. Si choncho nthawi zonse. Ena amaphupha pang'ono, anthu n'kumati ndi khunyu. Ena amakoka mpweya mwa apo ndi apo, kukamwa yasa, pakhosi pakumveka mkonono, oimirira n'kumauzana kuti "akupuma, musiyeni apitidwe mphepo". Wina amakupiza, wina amathamangira madzi, mphindi zikutha. Kukoka mpweya kotereku si kupuma, ndi chizindikiro choti mtima wangoima kumene, ndipo imeneyo ndiye nthawi yabwino yopulumutsira munthu. Wophunzira aliyense aonetsedwe kanema wa zimenezi, khutu lake lizolowere phokosolo. Lamulo likhale lalifupi: wamuitana, wamugwedeza, sakuyankha, sakupuma bwino, yamba kumudinikiza pachifuwa. Zofufuza kugunda kwa mtsempha pakhosi zisiyidwe kwa achipatala, chifukwa munthu amene manja akunjenjemera amangotayapo nthawi.

Chinanso, timawasenzetsa zambiri. Tsiku limodzi lomwelo aphunzire za mabala a moto, njoka, kuthyoka fupa, kutsamwa, kenako madzulo, onse atatopa, anthu makumi awiri alimbirane chidole chimodzi. Aliyense akhudzeko kamphindi, basi walandira pepala. Chonsecho ntchito yeniyeni ili m'manja ndi m'mapewa: kugwada pambali pa munthu wogona chagada pamalo olimba, kusanjikiza manja pakati pa chifuwa, zigongono zowongoka, n'kudinikiza masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, chifuwa chikubwerera chokha pakati pake. Amene sanachitepo sadziwa kuti pakatha mphindi ziwiri thukuta limakhala kamukamu ndipo manja amayamba kupepuka, n'chifukwa chake opulumutsa amayenera kusinthana. Izi sizilowa m'mutu pomvera mphunzitsi akulankhula.

Kupumira mkamwa nakonso kwathawitsa anthu ambiri. Kuyambira 2008 bungwe la American Heart Association lakhala likunena kuti kwa munthu wamkulu amene wagwa mwadzidzidzi, kudinikiza kokha kumathandiza. Mwana wamng'ono ndi munthu womira m'madzi ndiwo amafunikira kwambiri mpweya, kudinikiza 30 n'kupumira kawiri. Aphunzitsi azinena izi poyera, kuti woopa pakamwa pa mlendo asaleke zonse.

Ndiye pali mantha, amene ambiri ophunzitsa sawatchula n'komwe. Munthu amaopa kuthyola nthiti. Zimathyokadi nthawi zina, ndipo umamva phokoso pansi pa dzanja lako. Usaleke, nthiti imapola. Amaopanso kugwira chifuwa cha mayi pagulu, ndipo kafukufuku waonetsa kuti amayi akagwa pagulu sathandizidwa kawirikawiri ngati abambo. Nanga tidabwe bwanji, pamene pafupifupi zidole zonse zophunzirira zili ndi chifuwa chachimuna? Nkhaniyi ikambidwe m'kalasi mosabisa mawu, kuphatikizapo kuti chovala chimachotsedwa pomata makina.

Makinawo anthu amawaopa mopitirira muyeso. Amene dokotala Frank Pantridge anaika mu ambulansi ku Belfast m'ma 1960 ankalemera pafupifupi makilogalamu 70. A lero, otchedwa AED, amanyamulika ndi dzanja limodzi, ndipo ukangowayatsa amalankhula okha. Chomata chimodzi chimapita pansi pa fupa la phewa la kumanja, china m'nthiti za kumanzere kunsi kwa khwapa, zithunzi zili pomwepo. Makina amayeza mtima, ndipo ngati sukufunika shoko, sapereka, ngakhale utadina batani. Sungaphe munthu nawo. Koma wophunzira awatsegule yekha, amve mawu ake, afuule yekha kuti "aliyense asamukhudze". Ndipo eni nyumba zikuluzikulu aleke kuwatsekera mu ofesi ya bwana amene makiyi amapita nawo kwawo. Makina okhomeredwa, kapena amene batire yake inatha kalekale, ndi chokongoletsa khoma chabe.

Luso limeneli limazirala pakangopita miyezi yochepa, choncho satifiketi ya zaka ziwiri kapena zitatu imatinamiza. Kuli bwino kamphindi kochepa kobwerezabwereza kusiyana ndi tsiku lathunthu kamodzi. Denmark inaika maphunzirowa m'sukulu mu 2005, ndipo mu 2006 inalamula kuti wofuna laisensi yoyendetsera galimoto ayambe waphunzira. Pakati pa 2001 ndi 2010, odwala othandizidwa ndi anthu wamba anakwera kuchoka pa 21 kufika pa 45 mwa 100 alionse, ndipo opulumuka anachuluka pafupifupi katatu. Mu 2015 bungwe la WHO linavomereza ndondomeko ya Kids Save Lives, yoti ana kuyambira zaka 12 aziphunzira maola awiri pa chaka. Maola awiri okha! Mwana akaphunzira amakaonetsa akunyumba, komwe ngozi zambiri zimachitikira.

Pempho langa kwa oyang'anira maphunziro ndi zaumoyo ndi lakuti aphunzitsi a m'sukulu aphunzitsidwe kuti aziphunzitsa okha, m'chilankhulo chimene ana amalankhula, chidole chimodzi kwa ana awiri kapena atatu. Inunso akonzi, pa 16 October, tsiku lokumbutsa dziko lonse za kudzutsa mtima, tipatseniko tsamba limodzi la zithunzi zoonetsa poika manja ndi pomata makina.

Wowerenga wanu