Dandaulo: denga la galimoto likudonthabe, bodi yayamba dzimbiri

Kwa a Manijala Wamkulu,
Nthambi ya Blantyre

Bwana,

Ndaona kuti ndingolemba basi chifukwa foni zanga zinasiya kuyankhidwa, ndipo tsiku loti wina wayankha amangoti akuluakulu a ku sevisi ali mu miting'i, andiyimbira akatuluka. Kaya miting'i yake ndi iti yosathayo. Nambala ya galimoto, tsiku lomwe ndinagula ndi majobu khadi onse muli nazo mu kompyuta yanu, nde sinditaya nthawi kubwereza zimenezo. Nkhani ndi yomwe ija ya denga lodontha, penti yosupuka ndi chitseko cha kumbuyo, yomwe ndinayamba kudandaula dzinja lathali, mpaka pano mvula yabweranso palibe chachitika.

Mwina malipoti omwe amafika pa desiki yanu amangoti "kasitomala akuti mukulowa madzi" nde mumaona ngati ndi timadontho. Mvula ikangogwa yamphamvu madzi amatulukira pa kagetsi ka mkati kaja, kudontha mpaka pa giya, ena amatsetsereka mkati mwa chipilala cha mbali ya dalaivala moti ndikakoka lamba amatuluka ali chonyowa nkundisiyira mzere wakuda pa shati kuchokera paphewa mpaka m'chiuno. Ndakhala ndikufika pa maliro ndi ku tchalitchi ndili ndi mzere umenewu. Siling'i yonse yachita mawanga a bulawuni, kapeti siuma, ndipo fungo la chuku lake ana amakana kukwera, amati bola minibasi. Tsiku lina ndikupita ndi mayi anga kuchipatala anachita kunyamula kabakuli pamiyendo nkumatchera madzi, munthu wamkulu, akudwala, mu galimoto yomwe ndinagula yatsopano pa shopu panu ndi ndalama zoti mpaka lero banki ikundidulabe.

Ulendo woyamba munaisunga, ndikubwera kudzaitenga ndinapeza mwangopaka silikoni pamwamba, yemwe uja timagula mu hadiweya womatira sinki, woyera mbee pa galimoto ya mtundu wakuda, zala za wopakayo zikuchita kuoneka. Pa jobu khadi munalemba kuti vuto lathetsedwa. Ndisanafike ndi pa Zalewa pomwe mvula inandipeza ndipo madzi analowa ngati kale, kungoti tsopano anawonjezera mbali ya pasenjala.

Kwathu kuno ku Ntcheu kuli mkulu wina wowongola magalimoto, sanaigwire ndi sipanala yomwe chifukwa ndinamuuza za waranti, anangokwera pa sitepe nkutukula kapulasitiki kakuda kamene kamayenda m'mbali mwa denga. Pansi pake mpomwe chitsulo cha denga chimalumikizana ndi cha m'mbali, ndipo phala lomwe amamata ku fakitale kuti potseka pasalowe madzi linang'aluka kutalika kuposa chikhatho, pena linachita kusowa osapakidwa nkomwe. Mabawuti omwe agwira zitsulo za keriyala nawonso azungulira dzimbiri. Anandionetsa ndi chala njira yomwe madzi amadutsa, kulowa pamng'aluwo, kutsika mkati mwa chipilala mpaka kukafika pa mawaya a pansi pa dashibodi. Nchifukwa chake zitseko zimadzikhoma ndi kudzitsegula zokha, alamu kumalira pakati pa usiku mpaka aneba kudzagogoda, kukacha batire yafa. Zimenezi munthu wa pansi pa mtengo anaziona pa mphindi zochepa, koma amakaniki anu a yunifolomu okhala ndi makompyuta sanaganizeko olo zotukula kapulasitikiko. Kapena anatukula, anaona, nkubwezeretsa mwakachetechete. Ine ndikukhulupirira chachiwirichi.

Penti nayo pamwamba pa galasi lakutsogolo yatupa matuza, ukadina ndi chala amatuluka madzi adzimbiri, ndipo pomwe yasupuka pakuoneka chitsulo chenicheni. Anyamata anu anati ndi zitosi za mbalame komanso kuimika pansi pa mango. Galimotoyi imagona mu shedi ya malata. Chitseko cha kumbuyo chomwe chimanyamula tayala la sipeya chinakhuthuka, kuti chitsekeke mpaka uchikweze ndi bondo, pafupi ndi hinjesi yammwamba chitsulo chayamba kung'ambika, ndipo chilimwe fumbi limalowera pomwepo moti ukamafika katundu yense ali psuu.

Koma chomwe chandipangitsa kulemba ndi zomwe zinachitika ulendo womaliza. Tsikulo munandipatsa ndinu, uthenga wake ndikadali nawo pa WhatsApp. Dzulo lake ndinaswera pa mzere wa dizilo, mbandakucha tinanyamuka ndi mayi akunyumba, kulipira pa tolo geti ya Chingeni, makilomita pafupifupi 150, kufika pa geti panu musanatsegule nkomwe. Makiyi anatenga, ife nkutikhazika pa mipando ija yoyang'ana TV. Dzuwa linafika paliwombo, antchito anapita ku nkhomaliro nkubwerako, galimoto ili pomwe ndinaiimika, olo kuisuntha. Mtsikana wa pa resepushoni, yemwe yekhayo ndilibe naye mlandu, anayenda maulendo kukatifunsira mpaka ndinachita naye manyazi ndinati paja kandimverere adakanena za m'maluwa, ndilowe ndekha.

Mkulu wa ku sevisi ndinamupeza foni ili kukhutu, ndinapereka moni sanayankhe, anangondikodola ndi chala kuti ndidikire. Atamaliza anafunsa asakundiyang'ana kuti, "Kodi galimotoyi mumaiyendetsa kuti bambo?" Ndinati ku Tsangano, nthawi zina ndimatsika mpaka ku Neno, ndimagula kachewere ndi kabichi kwa alimi. Anaseka mpaka kumenya tebulo, nkuitana mnzake, "Tabwera udzamve, akuti ku Tsangano!" Kenako anati bodi ndaipotokola ndekha ndi misewu yanga yakumudziyo, waranti siikhudza zimenezo, komanso mwina ndimasanja matumba a mbatata padenga. Ndinamuuza kuti mbatata imayenda pa lole, padengapo sipanakwerepo olo chikwama, akaone yekha ngati keriyala wakalika. Sanadzuke. Mayi akunyumba atati koma bambo madziwo akutivuta zedi, anawayang'ana nkunena kuti, "Mayi, ku Limbe malona ngotchipa, mukagule limodzi muziifunditsa." Anyamata omwe anali pamenepo anaseka. Ndipo tikutuluka ndinamva ndi makutu angawa akuti anthu akangogulitsa timbatata amafuna galimoto zoti sangazikwanitse.

Bwana, mkazi wanga sanayankhule njira yonse mpaka tinafika. Ine ndakula tsopano, ndili ndi zidzukulu, sindinayendepo mtunda ngati umenewo kuti akandinyoze mwana woti ndikhoza kumubereka. Timbatata timeneto ndi tomwe tinalipira dipoziti ndipo kauntala yanu inalandira osafunsa kuti tachokera kumunda kwa ndani.

Nde tandiuzani, galimoto imeneyi munaipangira msewu uti? Pa khoma la shopu yanu pali chithunzi chachikulu ikuwoloka mtsinje matope ali thoo mpaka pa magalasi. Wogulitsa wanu tsiku lija anachita kugogoda bodi ndi chibakera, amvekere iyi bwana ndi ya ku Nyika, ya ku Neno, kulikonse komwe ena amabwerera panjira. Ndinamufotokozera ntchito yanga ndi komwe ndimayenda, anati ndiye mwapeza yeniyeni. Lero msewu womwewo wasanduka mlandu wanga? Ndikanafuna ya pa tala pokha ndikanaitanitsa kagalimoto ka ku Japan kodzera pa Dar es Salaam ngati anzanga onse, ndalama yotsala nkumangira nyumba ya lendi. Ndipo olo tala wakeyo, M1 mumayendamo inu? Ngati galimoto ya 4x4 imang'ambika denga chifukwa cha msewu wa fumbi, lembani zimenezo pa chikwangwani panja kuti anthu azidziwiratu.

Komanso si ine ndekha. Tili ndi gulu la pa WhatsApp la eni galimoto za mtundu umenewu, nditaponya zithunzi ena anayankha ndi zawo, mng'alu wake malo omwewo, mawanga a pa siling'i omwewo. Mmodzi ndi mayi wa ku Lilongwe amene ulendo wake ndi wa ku Area 47 kupita ku City Centre basi, galimoto yake sinalaweko fumbi la ku Tsangano. Iyeyo munamuuza chani, kuti amanyamula mbatata nayenso? Aliyense mukumuuza payekha kuti vuto ndi iyeyo pomwe mukudziwa kuti zinachokera ku fakitale.

Za zipangizo nde ndatopa nazo kumva. Poyamba munati malabala, hinjesi ndi siling'i mwaitanitsa ku Johannesburg. Kenako zili pa boda ya Mwanza zikudikira mapepala. Kenako sizinanyamuke chifukwa cha forex. Vuto la ndalama zakunja ndikulidziwa, nanenso ndimachita bizinesi m'dziko lomweli, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tonse tinalira, ndipo mukanandiuza chilungamo ndikanamvetsa. Koma mnyamata wina wa ku sitolo yanu, sindimutchula kuopa mungamuchotse ntchito, anandiuza kuti palibe chomwe chinaitanitsidwa chifukwa kleimu yanga simunaitumize nkomwe. Nanga chomwe chinali pa Mwanza chija chinali chani? Galimoto zatsopano zikufikabe mu shoorumu mwanu mwezi ndi mwezi, forex yake imapezeka, yosowa ndi ya kalabala kanga. Pamwamba pa zonsezi sabata yathayi mwanditumizira koteshoni kuti ndilipire ndekha kupenta denga, mwaikamonso ndi mtengo wochotsa silikoni yemwe munapaka nokha. Pamenepo nde ndinaseka.

Ndikuona bwinobwino chomwe chikuchitika, mukundizengereza kuti waranti ithe kenako mudzati pepani nthawi inadutsa. Dziwani kuti dandaulo langa linalowa waranti ili moyo, sevisi iliyonse ndachitira kwa inu pa mitengo yanu yokwerayo osaphonya, buku lili ndi zidindo zanu, malisiti, mauthenga ndi mavidiyo a madzi akudontha zonse ndasunga.

Chomwe ndikufuna ndi chakuti denga limatulidwe likonzedwe mmene zimayenera kukhalira, dzimbiri lipalidwe lipentedwe bwino osati kungophimba, chitseko, siling'i ndi kapeti zisinthidwe, mawaya awonedwe ndi munthu wodziwa, zonsezi pa waranti ine osatulutsa olo tambala. Nthawi yomwe ikhale kwa inu mundipatse ina yoyendera chifukwa alimi sangadikire miting'i yanu, ndipo mafuta ndi za pa tolo geti za maulendo omwe munandiyendetsa pachabe mundibwezere. Ngati mukuona kuti siingakonzeke, itengeni mundipatse ina kapena ndalama zanga. Mkulu wa ku sevisi uja alembe kalata yopepesa kwa mayi akunyumba, osati kwa ine.

Ndikupatsani masiku 14 kuchokera lero kuti mundiyankhe molemba, pa pepala la kampani, losainidwa ndi inuyo. Mukapanda kutero ndikukasiya fayilo yonse ku bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission, ndipo mukudziwa kuti chikhazikitsireni lamulo latsopano la 2024 iwowa ali ndi mphamvu zolipiritsa chindapusa, kope ina ipita ku bungwe loimira anthu ogula la CAMA, ndipo anzanga a pa gulu aja ati asaina nawo. Loya ndayankhula naye kale, wandiuza kuti Consumer Protection Act ya 2003 ili mbali yanga. Kopaletivi yathu ikufuna kugula pikapu chaka chamawa, ine ndili mu komiti, dzina lanu linali pamwamba koma ndapempha kuti alichotse kaye mpaka nkhaniyi itatha.

Chonde musanditumizirenso mnyamata woti andiyimbire kuti "tikuzitsatira bwana", ndipo musandiitanenso ku Blantyre zipangizo zisanafike. Mukafuna kuiona galimotoyo tumizani munthu ku Ntcheu, msewu ndi womwewo umene ine ndakhala ndikuyenda, tolo geti alipire yekha.

Ndine kasitomala wanu,
wa ku Ntcheu