Lipoti la nthumwi pa msonkhano wa kavalidwe ka ana athu a kadeti

A wapampando, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo, makolo anzathu a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku, landirani moni.

Munatituma anthu awiri ku msonkhano umene alangizi a makadeti, ana ophunzira kuguba ndi mwambo wachisilikali, anaitanitsa Loweruka lapitali kusukulu ya ana athu, ndipo tabwerako. Zokambirana zinali m'Chishona ndi m'Chingerezi, choncho talemba m'chinenero chathu kuti nawonso agogo amene akulera zidzukulu amve bwinobwino. Tinayamba panja, ana ataima pamzere, ife tikuyenda pambuyo pa mlangizi wamkulu pamene ankawayendera mmodzimmodzi. Kenako tinalowa m'holo kukaona chovala chilichonse pachokha.

Chimene chatikhudza mtima n'chakuti zolakwika zambiri zimene mlangizi ankaloza sizinali za anawo ayi. Zinachokera kunyumba: pabeseni, pasimbi, ndi pamsika pamene tinagula. Mwana amaima chilili akudzudzulidwa pamaso pa anzake chifukwa cha thalauza limene linapsa m'manja mwa ife makolo. Ndipo zambiri mwa izo sizilira ndalama, zimangofuna kudziwa.

Tiyambe ndi lamulo, poti iyi ndi nkhani yomangitsa. Kuno ku Zimbabwe lamulo la Defence Act, Chapter 11:02, limaletsa munthu wamba kuvala zovala zamawangamawanga zonga za asilikali. M'kaunjika, amene anzathu kuno amati mabhero, kaya ku Mupedzanhamo kaya kwina, nthawi zina mumatuluka thalauza kapena jekete la mtundu umenewu, lolimba ndi lotchipa, ndiponso abale a ku Joni amatha kutumiza ngati mphatso. Musamugulire mwana, musamuveke, ngakhale atalirira bwanji kuti afanane ndi msilikali weniweni. Mwana avale zokhazo zimene zalembedwa papepala la sukulu. Alangizi anawonjezera kuti yunifolomu imavalidwa yonse kapena osavalidwa n'komwe. Malaya a kadeti pamwamba pa jinzi, bereti ili kumutu kwa mchimwene wake pamalo okwerera makombi, zonsezi n'zoletsedwa.

Pa bereti tinakhalitsapo, ndipo m'pake, chifukwa diso la woyendera limayambira kumutu. Bereti yatsopano imakhala yofufuma ngati mandasi, ili ndi tiubweya tambirimbiri. Siivalidwa choncho, imayamba yaumbidwa. Mlangizi anaitanitsa mabeseni awiri n'kutionetsa pa mwana mmodzi. Poyamba amameta tiubweya tija ndi lezala, mopepuka, kuchokera pakati kutsikira m'mphepete. Mukakanikiza mumaboola nsalu, ndipo bowo la pabereti silisokeka mobisika. Akatero amamangirira baji pamalo pake, n'kuviika chipewacho m'madzi ofunda, kenako m'madzi ozizira, atagwira mkombero wake kuti usanyowe kwambiri. Madzi akhale ofunda basi, oti dzanja likhoza kukhalamo. Madzi owira amafwanyaza nsalu ya ubweya wa nkhosa, chipewa n'kusanduka cha khanda, ndipo sichibwereranso. Amafinya pang'ono osapotokola, n'kumuveka mwana chili chonyowa.

Malo ake ndi awa. Baji ikhale pamwamba pa diso lamanzere. Mkombero ukhale wowongoka kuzungulira mutu wonse, zala ziwiri pamwamba pa nsidze, amene ndi masentimita pafupifupi 2 ndi theka. Dzanja lamanzere ligwire baji kuti iime, lamanja lizikokera nsalu yotsala kumanja, kutsikira cha kukhutu, kusalaza mobwerezabwereza mpaka makwinya atha. Tinaona madzi akutsetsereka m'tsaya la mwanayo kulowa m'kolala, iye ali phee, mlangizi akusalazabe ndi chikhatho. Azikhala nayo kumutu kwa ola limodzi kapena kuposerapo kuti iyambe kuuma ili m'maonekedwe a mutu wake, kenako muiike pamthunzi pa mphika wovundikira. Ichi n'chifukwa chake bereti siibwerekanidwa. Tizingwe takumbuyo timangidwe n'kulowetsedwa mkati. Ena amadula, koma ife tikuti musafulumire kudula, mutu wa mwana ukukulabe.

Tsopano jombo. Tonse tili ndi chizolowezi chogula zazikulu kuti akuliremo. Pa thalauza nzeru imeneyi imagwira, chifukwa mumapindira mkati m'munsimo osadula, n'kudzamasula chaka chamawa. Pa jombo ndi nkhanza. Chidendene chimavuuka pa sitepe iliyonse, matuza n'kutuluka, ndipo nsapato imapindika pakati pa mphuno yake, pamene polishi amayenera kukhala osasweka. Pitani naye mwana akayeze yekha, masana mapazi atatupako, atavala sokosi zochindikala zomwe azidzaguba nazo. Kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wa sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, chidendene chikhale chogwira. Jombo zatsopano zisakayambire pa perete. Azizivala panyumba ola limodzi tsiku lililonse kwa milungu iwiri kuti chikopa chifewe.

Kupolisha kuli pawiri, ndipo ambirife timangodziwa koyambako. Chotsani zingwe, chotsani matope ndi burashi yolimba, ndipo m'ngalande ya pakati pa chikopa ndi soli mulowetsemo mswachi wakale, popeza woyendera amayang'ana pamenepo. Maburashi akhale awiri, yopakira ndi yowalitsira, osasinthanitsa. Pakani, dikirani mphindi 10 kapena 15, kenako walitsani. Kumeneku ndi kudyetsa chikopa, ndipo kumachitika pa nsapato yonse.

Kwachiwiri ndi kwa mphuno ya jombo ndi kuchidendene kokha, malo amene sapindika. Mwana akulunge chala ndi kansalu kofewa ka thonje, sikipa yakale imachita bwino, akanyowetse m'madzi ozizira, akhudze polishi pang'ono kwambiri, azizunguliza timizere ting'onoting'ono osakanikiza. Poyamba pamachita chifunga. Azipitirizabe mpaka chifungacho chichoke, ndiye awonjezerenso kadontho ka madzi ndi kapolishi kena. Nsapato yatsopano imafuna madzulo angapo kuti iyambe kuonetsa nkhope. Mwana wothamanga amamata polishi wambiri nthawi imodzi, amawala usiku umenewo, m'mawa akangoponda kawiri amasweka n'kumayoyoka ngati makoko a dzira. Njira zachidule zimene ana amauzana, kuwotcha polishi ndi kandulo, kupaka polishi wa pansi, kuthira wamadzimadzi uja wa m'botolo, alangizi azikana zonse. Kandulo ikhoza kuyatsa chitini cha polishi m'manja mwa mwana, ndipo zinazo zimauma ngati khungu n'kutseka chikopa.

Mvula ili pafupi, ndiye mverani iyi. Mlangizi anatulutsa jombo imodzi imene inaumitsidwa pambali pa mbaula. Chikopa chake chinali chitang'ambikang'ambika ngati dothi la padambo mu Okutobala, ndipo atadina ndi chala chinamveka kuti khwaa. Palibe polishi amene angachiritse zimenezo. Jombo ikanyowa, chotsani zingwe, tsegulani lilime lake, futsiranimo nyuzipepala zouma, muzisintha zikanyowa, muiike pamalo odutsa mphepo kutali ndi moto. Matope ofiira a kuno achoke tsiku lomwelo asanaumirepo. Osaisunga m'jumbo ya pulasitiki, imachita nkhungu.

Pa kuchapa panalibe zambiri zachilendo, koma ziwiri n'zofunika. Malaya ndi thalauza zikakhala za mtundu umodzi zichapidwe limodzi nthawi zonse, apo ayi china chimasuluka kusiya chinzake, mwana n'kumaoneka ngati wavala za anthu awiri. Tembenuzani kunja kukhale mkati, chotsani mabaji achitsulo, madzi ozizira, osathira Jik, ndipo yanikani pamthunzi. Tikudziwa mavuto a madzi m'madera mwathu. Madzi akachepa, ndi bwino kuchepetsa sopo kusiyana ndi kuchepetsa kutsukuluza, chifukwa sopo wotsalira ndiye amatulutsa mizere yotuwa ija simbi ikadutsapo.

Kusita ndiye kumene tagwa ambiri. Nsalu zambiri za yunifolomu n'zosakaniza thonje ndi poliyesitala, ndipo poliyesitala ikakumana ndi simbi yotentha kwambiri imasungunuka pamwamba n'kumanyezimira, makamaka pamatumba ndi m'misoko. Kunyezimira kumeneko sikuchoka. Nthawi zonse yalani kansalu konyowa pakati pa simbi ndi thalauza. Amene mumagwiritsa simbi ya makala magetsi akazima, palibe cholakwika, koma ilibe pochepetsera moto, choncho pukutani kunsi kwake, uzirani phulusa, ndipo yesani kaye mkati mwa mpendero musanaiike poonekera. Mzere wa thalauza ndi umodzi kutsogolo, umodzi kumbuyo. Kuti uwongoke, gundanitsani msoko wamkati ndi wakunja wa mwendo, panani ndi mapegisi kumunsi, ndiye dindani simbi m'malo moikhwekhwereza. Mizere iwiri yoyandikana, imene ana amaitcha njanji, imabwera pamene lero wasita mayi, mawa mlongo wake, aliyense ndi mzere wake. Kuichotsa kwake, nyowetsani, sitani chakumkati mpaka pasalale, dikirani pazizire, muyambirenso. Ndipo tikupempha kuti kusita kuzichitika Lachinayi, zovala n'kupachikidwa pa hang'ala. Kudikira mbandakucha wa tsiku la perete n'kumene kumapsereza nsalu, munthu akuthamangitsana ndi magetsi.

Akavala, pali mzere wina umene ambirife sitinkaudziwa. Mphepete ya malaya pamene pali mabatani, chitsulo cha lamba, ndi zipi ya thalauza ziyenera kutsika mowongoka ngati chingwe cha mmisiri womanga. Mabatani onse atsekedwe, ulusi wolendewera udulidwe ndi sizasi, m'matumba musakhale foni kapena ndalama zachitsulo. Zitsulo zamkuwa zimawala ndi Brasso, koma lowetsani kakatoni kuseri kwake popaka kuti mankhwalawo asadetse nsalu. Manja a malaya akamapindidwa, mpindo ukhale wofanana mbali zonse, pamwamba pa chigongono. Malo osokapo mabaji a udindo ali papepala limene tabwera nalo, ndipo ayezedwe ndi rula, osati ndi maso.

Nkhani ya tsitsi inautsa mkangano. Kwa anyamata n'kosavuta: lalifupi, losakhudza makutu kapena kolala, lopanda mizere yojambula, amete masiku awiri perete asanafike. Kwa atsikana alangizi akufuna zoluka zing'onozing'ono zogona, kapena tsitsi lomangidwa m'munsi cha kunkhongo kuti bereti ikhazikike, popanda mikanda, popanda mesh wamkulu. Amayi ena anadandaula kuti kuluka n'kodula ndipo sangamasule tsitsi sabata iliyonse. Dandaulo limeneli ndi loona. Nzeru imene inatuluka ndi yosankha kalukidwe kamodzi ka temu yonse, bereti n'kuumbidwa mwana ataluka kale kameneko. Zikhadabo zikhale zazifupi zosapaka, ndolo ndi zibangili zitsale kunyumba.

Tinafunsanso za ana a mabanja athu a Chisilamu amene amafunda kumutu, popeza pagulu lathu alipo. Yankho linali lakuti kholo lililonse likaonane ndi ahedi palokha. Ife yankho limeneli silinatikhutitse. Kholo lopita lokha limabwerako ndi mawu apakamwa, mlangizi akasintha mwana n'kudzachotsedwa pamzere. Tikupempha komiti ilembe kalata imodzi m'dzina la tonse, yopempha kuti mtundu wa mpango ndi kavalidwe kake pansi pa bereti zilembedwe papepala la malamulo.

Za kukomoka pa perete zikugwirizana ndi kavalidwe kuposa mmene tinkaganizira. Kolala yothina ndi lamba womanga kwambiri, pa dzuwa la mwezi uno, zimagwetsa mwana. Pakati pa khosi ndi kolala pazilowa zala ziwiri. Adye phala kapena buledi m'mawa ndithu, amwe madzi kuyambira dzulo lake, osati kugugudiza botolo lonse pageti. Ataima, asaumitse mawondo, azigwedeza zala za kuphazi mkati mwa jombo kuti magazi aziyenda. Akamva chizungulire kapena maso akayamba kuchita mdima, agwade pa bondo limodzi n'kuweramitsa mutu. Alangizi anena poyera kuti mwana wogwada salangidwa. Muwauze ana zimenezi ndi pakamwa panu, chifukwa amene amagwa chamutu n'kuthyoka mano ndi amene amaopa manyazi.

Sawatcha imachitidwa ndi dzanja lamanja, mwana atavala chipewa. Wopanda chipewa amangoima njo. Izi aziphunzira kusukulu komweko, sitikhalitsapo.

Zoti gulu ligamule ndi izi. Choyamba, kalata ya mipango ija. Chachiwiri, tikuganiza kuti tikhale ndi bokosi limodzi losonkhanitsiramo malaya, mathalauza ndi malamba zimene zawachepera ana, kuti olowa kumene mu Januwale azisinthitsa m'malo mogula zonse. Bereti yokha isalowemo, ndipo jombo zilowe zokhazo zimene soli yake sinadyeke mbali imodzi. Chachitatu, tipeze telala mmodzi pakati pathu, apatsidwe pepala la miyezo, azisoka mabaji a ana onse kuti afanane. Ana akuyembekezeka kudzaguba pa tsiku lopereka mphoto temu ino, ndipo alangizi ati amene adzaoneke bwino ndiwo adzayambe kuganiziridwa pa zochitika za pa 18 Epulo, tsiku la ufulu wa dziko lino.

Pa msonkhano wathu ukubwerawu, kholo lililonse libwere ndi mwana wake, bereti, jombo, chitini cha polishi wakuda ndi sikipa yakale. A ku Mbare mubweretse mabeseni awiri, a ku Highfield ketulo ndi mbaula yofunditsira madzi. Tidzayamba ndi mabereti nthawi ya 9 koloko kuti pomwe tizidzabalalika akhale atayamba kuuma pamitu pa eni ake.

Ife nthumwi zanu ziwiri.