Azakhali ndithandizeni, za bizinesi ndikaphunzire kuti?

Zikomo Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 19, ndimakhala ku Salima kuno chakufupi ndi Kamuzu Road. MSCE ndinalemba chaka chatha ndipo Mulungu anandikomera mtima ndinapeza mapointi 15, masamu ndi Chingerezi zonse makirediti abwino ndithu. Ndikufuna kukaphunzira za bizinesi, izi zokha sindikukayika ayi, koma pavuta ndi poti ndikaphunzire kuti. Fomu ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, yofunsira malo ku mayunivesite a boma imafuna munthu ulembe makosi motsatana kuyambira imene ukuifunitsitsa, ndiye pakhomo pano aliyense akukokera kwake moti ine mwini wakene mutu waima.

Ndiyambe ndi pomwe chidwichi chinachokera kuti mundimvetse. Bambo anatisiya ndili Fomu 1, ndiye watilera ndi mpunga basi. Mayi amakaoda mpunga wosapuntha kwa alimi a ku Lifuwu nthawi yokolola, nkukapunthitsa ku chigayo, wina kugulitsa pa msika pompano wina kutumiza kwa makasitomala awo ku Lilongwe. Kope lawo la geni ndimalemba ndine kuyambira ndili Fomu 2. Muli zonse mmenemo, amene atenga pa ngongole, ya thiransipoti, ya chigayo, ya anyamata onyamula, ya tikiti ya msika. Ndikulemba kopeli mpamene ndinaona kuti thumba likalowa mchigayo limatuluka litachepa kwambiri, mankhusu apita, madeya apita, winanso wasweka woti sungagulitse mtengo umodzi ndi wabwinowo, koma mayi poika mtengo zimenezi samaziwerengera, amangoona kuti ndalama ikulowa mmanja ndiye kuti geni ikuyenda. Tinakhala pansi usiku wina ndi tochi ya foni nkuwerengera thumba limodzi kuchoka ku Lifuwu mpaka kufika mmanja mwa wogula, mayi anangogwira pakamwa. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti ine zanga ndi zimenezi, ndipo ndikufuna ndizidziwe bwinobwino osati zongoyerekeza.

Aphunzitsi anga a masamu akuti usachedwe nazo, lemba MUBAS poyamba. Ndi ija anthu amaitchulabe kuti Poly ku Blantyre, inaima payokha mu 2021 pamene anagawa University of Malawi. Akuti za Accountancy ndi Business Administration kwawo nkomweko, komanso mabanki ndi makampani akuluakulu ambiri malikulu awo ali mu Blantyre, ngakhale Malawi Stock Exchange ili konko, ndiye nthawi ya atachimenti sungavutike ngati uli kwina. Mfundo yawo ndikuimva ndipo dzinalo lokha ndi lolemera, ukanena kuti ndili ku MUBAS anthu amakupatsa ulemu. Koma Azakhali Blantyre ndi kutali, kuchoka kuno udutse Chipoka, Golomoti, Balaka, Zalewa, thiransipoti yake panopa ndi yoboola mthumba, ndipo ife kumeneko tilibe m'bale ngakhale mmodzi. Ukapanda kupeza malo ku hositelo ndiye kuti lendi, chakudya, minibasi tsiku lililonse, zonsezo zichoke pa mpunga wa mayi womwewu umenenso ukudikiridwa ndi ang'ono anga awiri. Chinanso anthu ofuna makosi amenewa ndi ambiri zedi ndiye ndimaopa kuti ndiika pamwamba kosi yoti sanditenga nkutaya mwayi kwina.

Kunena zoona mtima wanga uli ku LUANAR, yunivesite ya zaulimi ku Bunda ku Lilongwe, kosi ya Agribusiness Management. Ndi bizinesi yomweyo koma yoyang'ana za ulimi, misika ya mbewu, kasungidwe ka ndalama, makopaletivu, zinthu zoti ndikamaphunzira ndiziona nkhope za alimi a ku Lifuwu aja amene amagulitsa mpunga wawo motchipa mu Meyi ndi Juni chifukwa chosowa ndalama ya msanga, pomwe akanasunga mpaka Disembala akanapeza yochulukirapo. Maloto anga ndi oti tsiku lina mpunga wathu tizipakira tokha mmapaketi olembedwa dzina lathu nkumalowa nawo mmashopu, osati kumangoyeza ndi mbale pa msika mpaka kalekale. Komanso Lilongwe ndi pafupi, makilomita ngati 100 basi, mayi atadwala nditha kunyamuka mmawa nkufika dzuwa lisanatenthe, ndiye mayi aang'ono amakhala ku Mitundu pafupi penipeni ndi Bunda. Koma anzanga akundiseka eti mapointi 15 ukathere ku zaulimi, akuti ukamaliza uzikayenda pa njinga mmidzi ngati mlangizi ndipo ku banki sangakuyang'ane nkomwe pepala lako likakhala ndi mawu oti agri. Zimandipweteka chifukwa ulimi womwe akuunyozawo ndi umene wandilipilira fizi mpaka Fomu 4, komabe mantha andilowa.

Tsono nkhani yaikulu ndi malume. Iwowa amagwira ntchito ku Dwangwa ndipo ndi amene analonjeza pa maliro a bambo kuti sukulu ya mwanayu ndi yanga, ndipo sananame, akhala akuthandiza. Iwo akuti za digiri ya bizinesi ndi kutaya nthawi, akuti achinyamata a Business Administration ali mbwee mtauni akungoyenda ndi maenvelopu, bola ndipite ku Malawi College of Accountancy ku Lilongwe ndikayambe mapepala a ICAM, bungwe la ma akauntanti la kuno kwathu, kenako a ACCA, bungwe la ma akauntanti lakunja, chifukwa akauntanti sasowa ntchito, kampani iliyonse ngakhale tchalitchi chimafuna wosunga mabuku. Akuti ndikapeza dipuloma nditha kuyamba ntchito msanga nkumapitiriza ndikulandira kale malipiro, osati kukhala zaka 4 osalowetsa kanthu. Atabwera mwezi watha anakhala pa khonde nkunena kuti "mphwanga, ndalama yanga ndikufuna ipite pomwe ndikuona mapeto ake," mayi anangoti zii kuyang'ana pansi, ine ndinangoti chabwino malume koma mkatimu ndikulira. Masamu ndimawatha, za akaunti sindingalephere, kungoti sindikudziona nditakhala mu ofesi moyo wanga wonse kuwerenga ndalama za anthu ena.

Mayi nawonso ali ndi maganizo awo ngakhale sanena mokweza. Iwo akanakonda yunivesite yoti si ya boma mwa zija za mu Lilongwe zimene zimaphunzitsa Loweruka ndi Lamulungu, kuti mkati mwa sabata ndizikhala pompano kuwathandiza geni. Ndinayang'anako za MAGU, yunivesite ya mpingo wa Assemblies of God, komanso Catholic University ya ku Nguludi, koma fizi ya mayunivesite oti si a boma ndi yokwera kuposa ya boma, ife patokha sitingaikwanitse. Ndiye palinso zimene zinaonekera mwana wa aneba athu, anaphunzira pa koleji ina mtauni makolo ake mpaka kugulitsa ng'ombe, pomaliza pofunsira ntchito nkumuuza kuti kosi yakeyo sinali yovomerezeka ndi NCHE. Panopa akugulitsa mayunitsi pa depoti. Chichitikireni zimenezo ndimayamba ndaona kaye mndandanda wa NCHE ndisanatengeke ndi zotsatsa za pa Facebook.

Za ngongole ya Loans Board, bungwe la boma lobwereketsa ophunzira ndalama za sukulu, ndikuzidziwa, ndidzafunsira ndithu, koma si onse ofunsira amene amapatsidwa ndipo ndi ngongole yoti udzabweze ukamaliza, ndiye sindingauze malume kuti sungani ndalama zanu ndikudalira chinthu choti sichinafike mmanja.

Ndiye Azakhali ndiuzeni moona, olemba ntchito kuno kwathu amayang'ana kwambiri dzina la yunivesite kapena kosi imene munthu wachita? Munthu wa Agribusiness angathe kulowa ku banki kapena mmabungwe obwereketsa ndalama zinthu zitavuta ku bizinesi yake? Ndinaganizanso zoti ndipite ku Bunda nditasankhidwa, mapepala a ICAM ndizidzalemba pambuyo pake kapena pa holide kuti malume asaone ngati ndataya mawu awo, kodi zimenezi nzotheka kapena ndikudzisenzetsa katundu woposa msinkhu wanga?

Koma chimene ndikupempha kwambiri ndi choti mundiphunzitse kayankhulidwe. Malume ndi munthu wamkulu, ndi amene watigwira dzanja chimwalirireni bambo, sindikufuna aone ngati sukulu yandipatsa mwano. Ndiwauze ndekha pamaso, kapena ndidzere kwa mayi, kapena ndipemphe agogo akazi kuti andiyankhulire poti iwo ndi okhawo amene malume sawabweza mawu? Tsiku lotsekera mafomu likuyandikira ndipo pa nambala 1 pakadali popanda kanthu.

Ine mwana wanu,
Wosowa pogwira, Salima