Kuwiritsa madzi sikuchotsa selenium, lekani kusocheretsa anthu

Akonzi,

Ndakwiya ndi uthenga umene bungwe logawa madzi a m'mipope latulutsa zitadziwika kuti m'madzimo mwapezeka selenium wopyola muyeso. Mneneri wawo akuti anthu asade nkhawa, azingowiritsa madziwo, poti selenium ndi wofunika kale m'thupi. Langizo limeneli ndi lolakwika, ndipo amene livulaze ndi omwe alitsatire ndi mtima wonse.

Kuwiritsa kumapha tizilombo toyambitsa kolera ndi matenda otsekula m'mimba. Selenium si kachilombo. Amachokera m'miyala ndi m'nthaka, amasungunuka m'madzi, ndipo moto sumupha. Chimene chimachoka mumphika ndi nthunzi yokha, iye amatsalira momwemo. Malita awiri akawira mpaka kutsala lita imodzi ndi theka, selenium wa pa lita iliyonse wakwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mayi amene akuwiritsa madzi osungunulira mkaka wa khanda, pomvera bungwe, akumuwonjezera mwana wake chinthu chomwe akuyesa kuchithawa. Kodi mu ofesi yonseyo munalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa zimenezi? Anangotenga uthenga wa nthawi ya kolera n'kusintha mutu?

Zoti selenium ndi wofunika m'thupi n'zoona, koma mneneriyu wangonena theka. Munthu wamkulu amafunika mamaikrogalamu 55 pa tsiku (maikrogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu). Ku United States malire a pa tsiku, kuphatikiza chakudya ndi madzi, anaikidwa pa 400, ndipo mu 2023 akatswiri a European Union anaika awo pa 255. Kwa khanda losapitirira miyezi 6, malire a ku United States ndi 45 basi, pamene mkaka wa m'chitini uli kale ndi selenium wake. Mpata wa pakati pa zokwanira ndi zowononga ndi wochepa kwambiri. Selenium akachuluka m'thupi kwa nthawi yaitali, tsitsi limathothoka, zikhadabo zimathetheka kapena kuzuka, mkamwa mumanunkha ngati adyo, khungu limatuluka zilonda, ndipo mitsempha imayamba dzanzi. Anthu a ku Enshi m'dziko la China anaziona zimenezi m'zaka za m'ma 1960.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti uthenga wonsewo ulibe nambala ngakhale imodzi. Wopyola muyeso uti? Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika mamaikrogalamu 40 pa lita, ndipo linanena lokha kuti muyesowu ndi wongoyembekezera. Ku United States ndi ku Canada ndi 50. European Union mu 2020 inaika 20, ndi 30 kumadera amene miyala yake ili ndi selenium wambiri. Madzi a mamaikrogalamu 60 pa lita ndi madzi a 600 onse ndi opyola muyeso, koma chochita chake n'chosiyana kutalitali. Popanda nambala, dokotala sangalangize mayi woyembekezera, ndipo kholo silingadziwe ngati mwana aleke kumwa lero lomwe.

Sanatiuzenso mtundu wa selenium amene wapezekayo, kaya ndi selenite kapena selenate, chonsecho njira yomuchotsera m'madzi imadalira pamenepo. Selenite amagwidwa mosavuta ndi mankhwala a ayironi amene amathira poyeretsa madzi, komanso ndi timibulu tosefera madzi totchedwa activated alumina. Selenate ndi wouma mutu, amadutsa m'zosefera wamba, ndipo amafunika njira zapadera zosefera zotchedwa reverse osmosis kapena anion exchange, koma yachiwiriyi imafooka madzi akakhala ndi mchere wa sulfate wambiri. Tsono kuthira klorini musanachotse selenium kungasandutse selenite kukhala selenate, vuto n'kukula. Tizosefera ta makala timene anthu athamangire kukagula sitithandiza pa nkhaniyi, ndipo akuyenera kuuzidwa asanataye ndalama zawo.

Khalidwe lobisa zotsatira za kuyeza madzi limaoneka m'mabungwe ena ogawa madzi. Amayeza klorini ndi tizilombo, amalengeza kuti madzi ndi abwino, koma za selenium, arsenic ndi fluoride amakhala chete mpaka wina atulukire. Chonsecho magwero a selenium ndi odziwika: zitsime zozama zobowoledwa m'miyala ya shale, madzi otsika kumigodi ya malasha monga ku Elk Valley m'dziko la Canada, ndi madzi otsalira kuminda yothirira, amene mu 1983 anachititsa kuti mbalame ziswe anapiye opunduka ku dziwe la Kesterson ku California, m'dziko la United States. Bil ya madzi safuna ichedwe ndi tsiku limodzi, koma zotsatira za kulabotale azisunga mu kabati!

Bungweli lichotse uthengawo lero ndipo lipepese. Litengenso madzi pachitsime chilichonse payokha komanso pamipope ya kumapeto kwa mapaipi, m'mabotolo othira nitric acid monga zimafunikira, akayezedwe ndi makina oyezera zitsulo m'madzi otchedwa ICP-MS kulabotale yoima payokha, ndipo manambala asindikizidwe m'nyuzipepala muno. Chitsime chimene chapyola chitsekedwe kapena madzi ake asakanizidwe ndi a gwero lina. Pakadali pano mabanja a makanda ndi amayi oyembekezera apatsidwe madzi ena akumwa ndi ophikira. Madzi osamba ndi ochapira akhoza kukhala a pampopi omwewa.

Womwa madzi a pampopi wokhudzidwa