Odzipereka kumisasa ya ku Nsanje asaiwale madzi akumwa

Akonzi,

Mitsinje ya Shire ndi Ruo ikasefukira ku Makhanga, m'boma la Nsanje, madzi amadzaza zimbudzi n'kukokolera zonyansa m'zitsime. Kolera kumisasa imayambira pamenepo.

Chonde odzipereka, pogawa ufa musaiwale madzi akumwa. Chivindikiro chimodzi cha Waterguard, mankhwala a klorini oteteza madzi, chimakwanira chigubu cha malita 20. Tsekani, khutchumulani, dikirani mphindi 30. Madzi amatope adikhe kaye, asefedwe pansalu yoyera, kenako muthire zivindikiro ziwiri, poti matope amafooketsa klorini. Ambiri amalakwitsa poviika kapu m'ndowa, manja n'kuipitsanso madzi otetezedwa kale. Chigubu chapakamwa paching'ono ndiye chabwino. Zimbudzi zikumbidwe kumunsi kwa chitsime, mamita 30 kuchokera pomwe anthu amatunga. Wotsekula m'mimba azimwa Thanzi, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ali panjira yakuchipatala.

Wokhudzidwa,
Nsanje