Kwa Agata, za chotupacho

Mwana wanga Agata,

Mng'ono wako wandiuza kuti wapeza chotupa m'bere, ndipo m'malo mopita kuchipatala wayamba novena, mapemphero a masiku asanu ndi anayi, ya Agata Woyera. Usamukalipire, wachita bwino kundiuza.

Dzinali ndinakupatsa ndine, choncho undimvere. Agata Woyera anali mtsikana wa ku Sicily, chilumba cha ku Italy, anaphedwa mumzinda wa Catania cha m'ma 251, Decius, mfumu ya Aroma, akuzunza Akhristu. Mbiri imati bwanamkubwa Quintianus anamufuna ukwati, iye nakana poti anadzipereka kwa Khristu. Mkuluyo anapsa mtima, nalamula kuti amudule mawere. Nchifukwa chake amayi odwala mawere amamuyesa nkhoswe yawo.

Anthu a ku Catania amamukonda kwabasi. Amati patatha chaka chimodzi atamwalira, phiri la Etna linaphulika, anthu nanyamula mpango wake kukakumana ndi chiphalaphala chamoto, ndipo chinaima. Mpaka lero, kuyambira pa 3 kufika pa 5 February, amavala mikanjo yoyera ndi tizisoti takuda, nakoka ndi zingwe ngolo yasiliva yonyamula mafupa ake, ena atasenza makandulo aatali ngati munthu. Amaphikanso timakeke toumbidwa ngati bere, kachipatso kofiira pamwamba, n'kumadya poyera popanda manyazi. Izi zimandikhudza kwambiri. Iwo chiwalo chimenechi amachitchula masana, pomwe ife timabisa matenda ake m'chitenje mpaka bala litayamba kununkha.

Ndikudziwa chimene ungandiyankhe. Uti Petro Woyera anabwera usiku m'ndende kudzachiza Agata Woyera, ndiye nawenso udikira. Komatu mwana wanga, Agata anali womangidwa, analibe koti n'kupita. Iwe khomo lako n'lotsegula, ndalama ya minibasi uli nayo. Nkhani zambiri za iye zinalembedwa patapita zaka zochuluka atafa, ndipo Mpingo sunaphunzitsepo kuti wodwala akane dokotala. Masisitere omwewo amene anakuphunzitsa katekisimu ndi amene amayendetsa zipatala.

Si chotupa chilichonse chimene chili khansa, zambiri sizikhala. Koma chikakhala khansa, kuchipeza msanga ndiko kumapulumutsa. Novena usaisiye ayi, nanenso ndayamba yanga usiku wathawu, ndikulira.

Ndibwera Lolemba ndi basi yam'mawa. Ukonzeretu buku lako lakuchipatala, ndipo bambo a ana uwauze lero lomwe, asadzamvere kwa ena. Lachiwiri tidzalawirira limodzi kukayezetsa.

Ndine mayi ako.