Uthenga wa chaka chatha si chilolezo cha usiku umenewo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za zimene ndinaona ndi maso anga m'khoti lina la m'chigawo chathu chino cha Tete kuno ku Mozambique, kumene ndinaperekeza mwana wa mng'ono wanga, mtsikana wa zaka 22 amene amanditcha amayi aakulu, pa mlandu umene iye anakasuma kuti anagwiriridwa. Sinditchula khotilo, mwanayo kapena woimbidwa mlanduyo, ndipo za chigamulo sindikambapo. Chimene chandisowetsa tulo ndi mafunso amene anafunsidwa, ndi zinthu za moyo wake zimene zinayalidwa pagulu ngati ufa pamphasa.

Mwamunayo anali chibwenzi chake kale, ndipo chibwenzicho chinali chitatha miyezi ingapo zinthuzi zisanachitike. Pofufuza mlandu anamuuza mwanayu kuti apereke foni yake, ndipo iye anapereka ndi mtima umodzi poganiza kuti akufuna mauthenga a tsiku lomwelo. Koma pa tsiku la mlandu loya wa woimbidwa mlandu anatulutsa mulu wa mapepala okhala ndi mauthenga a pa WhatsApp a zaka ziwiri, nayamba kuwerenga mokweza mawu achikondi amene mwanayu analemba chibwenzi chikadali chotentha. Anatchulanso ndalama zimene mwamunayo anamutumizirapo pa M-Pesa, nafunsa kuti: “Munkalandira ndalamazi ngati chiyani?” Kenako anamufunsa kuti anagonapo ndi amuna angati, ndiponso chifukwa chimene mtsikana wosakwatiwa ankagwiritsira ntchito njira yolerera. Mwanayu anangoweramitsa mutu, akupotokola nsonga ya chitenje chake, kwinaku pa benchi ya kumbuyo kuli amayi amene amagulitsa nawo mbatatesi ndi tomato pamsika, akumva zonse.

Funso limene khoti linayenera kuyankha linali limodzi: kodi usiku umenewo, m'nyumba imeneyo, mtsikanayu analola kapena sanalole? Uthenga wa chaka chatha sungayankhe funso limeneli. Munthu amene anandibwereka khasu dzulo ndi dzana alibe ufulu wothyola chitseko changa lero n'kulitenga, ndipo palibe nyakwawa imene ingamumasule chifukwa chakuti kale ndinkamubwereka. Ngati timamvetsa zimenezi pa khasu, tikulephereranji kuzimvetsa pa thupi la munthu? Kulola kumaperekedwa nthawi iliyonse payokha, ndipo amene analola kale akhoza kukana lero, ngakhale atakhala mkazi wa m'nyumba wa ankhoswe ake. Lamulo nambala 29 la chaka cha 2009, lolimbana ndi nkhanza za m'banja zochitira amayi, linanena poyera kuti kugona ndi mkazi wako kapena chibwenzi chako iye asanalole ndi mlandu. Choncho kuonetsa kuti awiriwa anali pachibwenzi sikutsuka munthu. Kumangosonyeza kuti ankadziwana, chinthu chimene palibe ankachikana.

Palinso vuto la chilankhulo, limene ine monga mphunzitsi wopuma ndinalimva bwino lomwe. Milandu imazengedwa m'Chipwitikizi, koma anthu ambiri a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde amalankhula zakukhosi kwawo m'Chichewa. Mwanayu atafunsidwa chimene anachita, anati: “Ndinangouma thupi lonse, mawu sanatuluke.” Womasulira anafupikitsa zonsezo n'kupereka mawu a Chipwitikizi otanthauza kuti sanakane. Sindikuganiza kuti anachita mwadala, pakuti kumasulira mwamsangamsanga ndi ntchito yolemetsa, koma kusiyana kwa mawu awiriwa ndi kumene kuli mlandu wonse. Kuuma thupi ndi mantha, si kulola. Ndipo tisaiwale mmene timalerera ana athu aakazi: timawalangiza kuti asayang'ane wamkulu m'maso, asakweze mawu, asatchule ziwalo zobisika ndi mayina ake. Kenako tikuwaimika pamaso pa oweruza n'kumadabwa kuti akuyankha motsitsa ndi mozungulira, ndipo ena amati kuzungulirako ndi chizindikiro cha bodza. Komanso pakati pathu pakadali chikhulupiriro choipa chija chakuti mkazi akati ayi ndiye kuti wavomera, ndipo chikhulupiriro chimenechi sichitsala pakhomo munthu akamalowa m'khoti.

Dziko lathu layenda ulendo pa nkhani imeneyi. Mpaka chaka cha 2014 tinkagwiritsa ntchito malamulo a milandu a atsamunda a mu 1886, amene ankalola wogwirira kuthawa chilango pokwatira mtsikana amene wamulakwira, ndipo mfundo imeneyo inachotsedwa amayi atachita zionetsero ku Maputo. M'chaka cha 2019 kunabweranso malamulo atsopano a milandu ndi a kazengedwe kake. Malamulo aakulu a dziko, pa ndime 41, amapatsa nzika iliyonse ufulu wa mbiri yabwino ndi wosungiridwa chinsinsi cha moyo wake, ndipo ndime 65 imalola kuti mlandu uzengedwe anthu atatulutsidwa ngati kutero kukuteteza zachinsinsi za munthu kapena za banja. Chida chilipo m'manja mwa oweruza, koma tsiku limene lija chitseko chinali chotsegula.

Anzathu a ku South Africa anapita patsogolo. Kumeneko umboni wa mbiri ya kugonana ya wodandaula suloledwa pokhapokha khoti litayamba lamva pempho m'chipinda chotseka n'kukhutira kuti umboniwo ukukhudzadi mlanduwo, ndipo lamulo lawo la 2007 limaletsa khoti kukayikira wodandaula pa chifukwa chokhacho chakuti anachedwa kukanena. Ife tomwe timati mlandu suwola, choncho mfundo imeneyi si yachilendo kwa ife. Nalonso khoti la padziko lonse la milandu ikuluikulu la ku The Hague lili ndi malamulo onena kuti kukhala chete kapena kusalimbana sikungatengedwe ngati kulola.

Ndili ndi ana aamuna awiri, ndipo sindikufuna dziko limene munthu amamangidwa popanda kudziteteza. Ndime 59 ya malamulo aakulu imati woimbidwa mlandu ndi wosalakwa mpaka khoti litagamula, ndipo ndikugwirizana nayo ndi mtima wonse. Ngati pali uthenga wa tsiku lomwelo kapena wa m'mawa mwake umene ukutsutsana ndi zimene wodandaula akunena, uwerengedwe ndithu, ndipo loya afunse mafunso olimba. Chimene ndikukana ndi kutenga moyo wonse wa munthu, zithunzi zake, zibwenzi zake zakale ndi khadi lake la kuchipatala, n'kuzisandutsa chikwapu chomuchititsa manyazi kuti oweruza amuone ngati wosafunika kumukhulupirira. Zoterozo sizithandiza kupeza choonadi.

Zotsatira zake tikuziona kumudzi. Amayi aja a pa benchi ya kumbuyo ali ndi ana aakazi, ndipo mmodzi anandiuza tikutuluka kuti mwana wake zitamuchitikira sangapite naye kupolisi, bola kukambirana kwa amfumu n'kulandira mbuzi. Komatu mabwalo a m'midzi sanapatsidwe mphamvu yoweruza mlandu waukulu ngati uwu, ndipo pamene akuluakulu akukambirana za mbuzi, maola 72 amene munthu ayenera kuyambira mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amakhala akutha, umboni wa m'thupi nawonso ukufufutika.

Pempho langa likupita kwa oweruza, kwa oimira boma pa milandu, kwa a SERNIC, nthambi ya boma yofufuza milandu, ndi kwa aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo. Foni ya wodandaula ikatengedwa, pakopedwe mauthenga a pakati pa anthu awiriwo a masiku okhudza mlanduwo basi, ndipo mwini foniyo auzidwe m'chilankhulo chake zimene zatengedwa. Loya amene akufuna kufunsa za zibwenzi zakale kapena za kuchipatala ayambe wafotokozera woweruza payekha chifukwa chake, ndipo mfundo imeneyi ilembedwe momveka m'malamulo. Wodandaula akamapereka umboni, anthu osakhudzidwa atulutsidwe popanda kudikira kuti iye apemphe, pakuti ambiri sadziwa kuti n'zotheka. Omasulira aphunzitsidwe kupereka mawu onse monga anenedwera. Ndipo a IPAJ, bungwe la boma lopereka thandizo la zamalamulo kwa anthu osowa, pamodzi ndi apolisi a ku ofesi yothandiza mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza azimufotokozera wodandaula zonsezi tsiku loyamba lomwelo, asanatulutse foni m'chikwama.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma, m'chigawo cha Tete